Muwerenge Zimene Ndalemba, Alamu

Mzere wa anthu opita pa tebulo la Lucjan unafika pakhomo la laibulale n'kukhotera panja pamene pankagwa chipale. Pa tebulo la Zenon Kaleta, mwini wake wolemba mabukuwo, panali anthu anayi, ndipo mmodzi mwa iwo ankangofunsa kumene kuli chimbudzi.

Zenon anali atalemba mabuku khumi ndi asanu ndi anayi onena za loya Pokora, munthu waulesi amene ankapambana milandu ya kupha anthu chifukwa cha mphuno ya galu wake Kluska, kagalu katali thupi koma kafupi miyendo. Lucjan Mroz, mchimwene wake wa Halina mkazi wa Zenon, anali asanalembepo ngakhale kalata yodandaula za madzi. Ntchito yake inali yokhala m'kachipinda ka situdiyo n'kumawerenga mabukuwo mokweza, kuti anthu azimvetsera pa foni akamasita kapena akamayendetsa galimoto. Basi. Koma mumzinda wonse wa Toruń, munthu akangoti "Pokora," anthu ankaona ndevu za Lucjan.

"Bambo, tandigwirirani galuyu," anatero gogo wina, akupatsa Zenon chingwe. "Ndikufuna kujambulitsa ndi a Pokora."

"A Pokorawo ndinawabala ndine, mayi."

"Zoona? Mugwire bwino, amaluma."

Zenon anagwira chingwecho. Uko anthu anali atayamba kuchonderera kuti Lucjan anene mawu aja. Lucjan anakana pang'ono, kukana kwa munthu wofuna kukakamizidwa, kenako anaika dzanja pachifuwa, anausa moyo monga mmene galu wotopa amachitira, n'kunena ndi mawu ake aakulu aja kuti, "Olemekezeka a khoti, mnzanga wa miyendo inayi sakugwirizana nazo." Holo yonse inafa ndi phwete. Zenon anamwetulira ndi mano okha.

Apo m'pamene panafika mayi wina wa magalasi, atanyamula chikwama chodzaza ndi mabuku onse khumi ndi asanu ndi anayi.

"Ine ndine wa mapepala, bambo Kaleta, zomvetserazi ndimangomvera kwa anzanga," anatero. "Ndikufuna musaine pa tsamba pamene pali mawu amenewa a miyendo inayi. Koma ndafufuza mabuku onse, sindikuwapeza."

"Ali m'buku lachitatu," anatero Zenon molimba mtima.

Anatsegula lachitatu. Anatsegula lachinayi. Ananyambita chala n'kubwereranso ku lachitatu. Potsiriza anangosaina pachikuto n'kunena kuti magalasi ake abwino wawasiya kunyumba.

Chinsinsi cha Zenon chinali chakuti zaka zonsezi anali asanamvetserepo buku lake ngakhale limodzi. Kwa anthu ankati wolemba safunika kumva zimene walemba yekha. Zoona zake n'zakuti mawu a mlamu wake ankamuwawa kuyambira tsiku la ukwati wake, pamene Lucjan anaimirira kulankhula n'kuliza anthu onse, moti mpaka lero palibe wachibale amene amakumbukira kuti mkwati nayenso analankhula.

Sabata imeneyo anadzitsekera m'chipinda cholembera, mahedifoni m'makutu, chala pa tsamba. Anatsatira mzere ndi mzere. Mawu a miyendo inayi aja munalibe m'buku lililonse. Ankangotuluka m'kamwa mwa Lucjan. Ndipo sizinali zokhazo. Pamene Zenon analemba theka la tsamba kufotokoza mitambo ya pamwamba pa mtsinje, Lucjan ankangoti, "Kunali mitambo," n'kupitirira. Pena dzina la mboni linali losintha. Pena Lachiwiri linali Lachinayi. Zenon sanafunse chifukwa chake. Ankangoika kapepala pa tsamba lililonse lolakwiridwa, mpaka mabukuwo anatupa ngati mkate.

Anakawaunjika pa tebulo la kukhitchini pamene Halina ankakulunga kabichi ndi bowa mu ufa wokanda, kukonza pierogi za Lamlungu.

"Achimwene anu ndi wakuba," anatero.

"Akuberani chiyani, abambo? Chotsani mabukuwo, muwadetsa ndi ufa."

"Andibera mabuku anga. Akuchotsa, akuwonjezera, akusintha mayina. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Inu mumamvetsera tsiku ndi tsiku, simunazindikire?"

Halina anatsina m'mphepete mwa pierogi mosamala kwambiri, maso ali pa zala zake.

"Anthu amawakonda mabukuwo," anatero.

"Amakonda ndani? Mzere uja munauona? Ine ndinagwiritsidwa galu, Halina. Galu wa eni ake. Ndimadzuka m'mawa uliwonse kukavutika ndi mapepala, wina angobwera ndi kukhosi kwake n'kukolola."

"Ndiye mukufuna mutani?"

"Buku likubwerali awerenge liwu ndi liwu. Ndikakhala pomwepo ndekha."

"Musatero," anatero Halina motsitsa mawu. "Ndikukupemphani."

Zenon anangomva mkazi amene akuikira kumbuyo m'bale wake, ndipo nsanje inakula.

Buku la nambala 20 linali litapita kale kosindikiza monga mmene analilembera, pakuti Zenon sankalola mkonzi aliyense kukhudza ngakhale kadontho. Kujambula mawu kunayamba Lolemba. Dorota Sowa, mayi woyang'anira situdiyo, anamvetsera lamulo latsopanolo akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Pangano likukulolani, bambo Kaleta," anatero. "Koma ine ndikadakhala inu ndikadapita kukamwa khofi kwa masiku atatu."

Lucjan analowa atavala juzi yake yofewa imene sinkapanga phokoso pa maikolofoni, m'manja muli kambale ka apulo wobiriwira wodulidwa, wochotsera malovu omata m'kamwa. Kukhwapa anali atapana mapepala a bukulo, odzaza ndi zolemba za pensulo.

"Alamu! Mwabwera kudzaona mmene timavutikira anthu osaphunzira?"

Zenon anasolola mapepalawo kukhwapa kwa mlamu wake, anawaponya m'chikwama chake osawayang'ana, n'kumupatsa ena oyera.

"Muwerenga awa. Zimene ndalemba, osachotsa, osawonjezera."

Lucjan anayang'ana mapepalawo, anayang'ana Dorota, kenako anayang'ana Zenon kwa kanthawi.

"Mwaganiza bwino, alamu?"

"Kuganiza ndi ntchito yanga. Yanu ndi kuwerenga."

"Chabwino," anatero Lucjan. Analowa m'kachipinda n'kutseka chitseko.

M'mawa wonsewo Zenon anasangalala ngati mwana. Anakhala kuseri kwa galasi pafupi ndi Dorota, chala china pa tsamba, china pa batani lolankhulira. Lucjan akangodumpha "ndipo" mmodzi, batani linkalira. "Bwererani, alamu. Pali 'ndipo' pamenepo." Lucjan ankabwerera osadandaula. Mitambo ya pamwamba pa mtsinje inawerengedwa yonse, masamba awiri athunthu, mpaka Dorota anayasamula nsagwada kulira.

Atafika pa mutu wachinayi, Lucjan anaima. Anayang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Ndipitirize, alamu?"

"Werengani zimene ndalemba."

Lucjan anawerenga momveka bwino, mwaulemu wonse: "Jaji Wrona analowa m'khoti akutsokomola, ndipo onse anaimirira."

Chala cha Zenon chinaima pa tsamba. Jaji Wrona anamwalira m'buku la nambala 14, atatsamwa ndi munga wa nsomba ya pa Khrisimasi. Maliro ake anawalemba Zenon yemweyo, ndipo analira polemba. Batani linali pomwepo, pansi pa chala. Kungodina n'kunena kuti "taimani" kukadatha zonse. Koma Dorota ankamuyang'ana cham'mbali, ndipo kuseri kwa galasi kunali ndevu zija, zikudikira. Zenon anatembenuza tsamba.

Tsiku lachiwiri Kluska, galu wamkazi amene dziko lonse linkadziwa kuti anabereka ana asanu m'buku lachisanu ndi chiwiri, anatukula mwendo pa tayala la galimoto ya apolisi ngati mphongo. Tsiku lachitatu munthu amene anaphedwa m'mutu woyamba anaitanitsa khofi ndi keke m'mutu wa khumi ndi chiwiri, chifukwa Zenon anali atasokoneza dzina lake ndi la mphwake. Nthawi iliyonse Lucjan ankaima, ankafunsa funso lomwe lija, ndipo nthawi iliyonse Zenon ankayankha yankho lomwe lija, mawu akunka nachepa. Pokora anaimirira m'khoti kasanu, ndipo mnzake wa miyendo inayi anangokhala chete kasanu konse.

Atamaliza, Lucjan anatuluka, anadya chidutswa chomaliza cha apulo, anavala chipewa.

"Lonse ndi lanu, alamu," anatero. "Palibe ngakhale mpweya wanga."

Patapita mwezi bukulo linatuluka, ndipo makalata anayamba kufika ku situdiyo. Zenon anali atakonzeka kutukwanidwa. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wake inkayembekeza kuti anthu amutukwane iyeyo, pomutchula dzina, kuti adziwe kuti kuli munthu wolemba. Koma makalatawo sanali ake. Dorota anamuwerengera atatu pa foni.

"Uyu akuti, 'Kodi a Lucjan akudwala? Mawu awo alibe moyo, ndipo asokoneza mayina.' Uyu akuti, 'Auzeni kuti tikumvetsa, ukalamba umafikira aliyense, za jaji Wrona tawakhululukira.' Uyu watumiza uchi. Tili ndi mabotolo asanu ndi awiri a uchi, bambo Kaleta, ndi masikafu atatu oluka pamanja. Parishi ina ya ku Chełmno ikuwapempherera."

"Ine sananditchule?"

"Ayi."

Zenon anakhala pansi. Ngakhale zolakwa zake zomwe, zake zenizeni, zotuluka m'mutu mwake, anthu anakazipereka kwa Lucjan pamodzi ndi uchi. Ndipo Lucjan sanatsutse. Sanauze nyuzipepala, sanauze munthu. Anangolandira manyazi a mwini wake n'kuwasenza mwakachetechete, zimene zinamuwawa Zenon kuposa kutukwanidwa, chifukwa tsopano mlamuyo anali atamuposa ndi khalidwe lomwe.

"Pali nkhani ina," anatero Dorota. "A Lucjan akuti buku lotsatiralo sawerenga. Akuti mupeze wina, kapena muwerenge nokha."

Lucjan anasiyanso kubwera kudzadya Lamlungu, chinthu chimene sanaphonyepo chimwalirire mkazi wake. Halina ankayala mbale ziwiri zokha. Sankakalipa. Ankangodya pang'onopang'ono, maso ali pa mpando wopanda munthu, ndipo Zenon ankamva ngati akutafuna nsanza.

Lachitatu lina masana, akufunafuna cholembera m'chikwama, anapeza mapepala aja analanda ku situdiyo. Anawatulutsa kuti awataye. Kenako anati aone kaye mwano umene unalembedwamo.

Munali zolemba za anthu awiri. Zina zinali tizizindikiro ta Lucjan tosonyeza popumira ndi pokweza mawu. Zina zinali zilembo zing'onozing'ono zopendekera kumanzere, zimene Zenon ankaziona tsiku lililonse pa kapepala kogulira zinthu kamene kankamatidwa pa firiji.

Pa mutu wachinayi panalembedwa kuti: "Wrona anamwalira, achimwene. Ikani jaji wamkazi uja." Pa tayala la apolisi: "Kluska ndi wamkazi. Anjute basi." Pa mitambo ija panali mzere wautali wodula, ndipo m'mphepete: "Apa patalika. Dulani, koma musawauze, avutika napo sabata yathunthu."

Anapeza Halina akupukuta masamba a maluwa a pazenera. Anamuonetsa tsambalo. Halina analiyang'ana, anapukuta manja pa epuloni, n'kukhala pa mpando.

"Kuyambira liti?" anafunsa Zenon.

"Buku lachiwiri."

"Nthawi yanji? Ine ndimakhala m'nyumba muno."

"Lamlungu tikatha kudya. Inu mukatenga galu wanu Borys kupita naye kumtsinje, mumatha maola awiri. Ife timayala mapepala pa tebulo la kukhitchini. Iwo amawerenga mokweza, ine ndimamvetsera ndikutsuka mbale. Ndikamva pokhota ndimawaimitsa."

"Zaka zonsezi ndimayenda ndi galu m'chisanu, inu awiri mukundiseka."

"Timaseka, inde. Koma nthawi zambiri timaseka zimene mwalemba. Mumaseketsa, abambo. Kungoti mumaiwala amene mwamupha."

"Nanga mawu aja? A miyendo inayi?"

Halina anayang'ana pansi, ndipo Zenon anaona kuti akubisa kumwetulira.

"Pokora anali ataima m'khoti alibe chonena. Ine ndinangolankhula ndili pa sinki. Achimwene anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, n'kuzilemba."

Zenon anafuna kukalipa, koma sanadziwe kuti ayambire kwa ndani. Zaka zonsezi anali akuchitira nsanje munthu mmodzi. Tsopano anali awiri, ndipo wachiwiriyo ankagona naye bedi limodzi. Mawu amene anthu ankawasindikiza pa makapu ndi pa zikwama anatuluka m'kamwa mwa mkazi wake, manja ali m'thovu la sopo, iye ali kumtsinje kutolera zimene galu wasiya. Ndipo chimene chinamubaya kwambiri sichinali mawuwo ayi. Chinali tebulo lija: anthu awiri, tiyi, kuseka, ndi mabuku ake pakati pawo, iye mwini palibe.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani. Buku loyamba, ndinati mboni yasintha dzina pakati pa mlandu. Munatha masiku anayi osandilankhula, n'kumadya chakudya changa ngati mukundichitira chifundo. Ndinaona kuti ukwati ndi bukulo sizingakonzedwe pa tebulo limodzi."

"Ndiye mabukuwa ndi a ndani?"

"Ndi anu. Ife sitingathe kupeka ngakhale tsamba limodzi. Koma inunso simungathe kumaliza nokha, ndipo mwadzionera. Mwandithamangitsira m'bale wanga, abambo. Lamlungu lija ndi lokhalo limene ankaseka chimwalirire mkazi wawo."

Anaimirira n'kubwerera ku maluwa ake.

Zenon sanapepese. Munthuyu kupepesa kwake n'kovuta ngati kuzula dzino. Anatha masiku atatu akuzungulira m'nyumba, akutsegula ndi kutseka makabati opanda chofuna. Loweruka m'mawa anaima pakhomo la khitchini, akuyang'ana kudenga.

"Muwaimbire achimwene anu. Muwauze kuti mwapanga pierogi zambiri, ziwonongeka."

"Sindinapange."

"Ndiye pangani."

Lamlungu Lucjan anabwera atanyamula botolo la uchi n'kuliika pakati pa tebulo.

"Ndakubweretserani gawo lanu, alamu. Munaugwirira ntchito ndinu."

Zenon anakukuta mano koma anati zikomo. Anadya akukamba za chipale ndi za msewu umene akukumba pafupi ndi msika. Halina atachotsa mbale, Zenon analowa m'chipinda cholembera n'kutuluka ndi mitu isanu ndi umodzi ya buku latsopano. Anaiika pa tebulo pafupi ndi uchi uja, osayang'ana munthu aliyense. Anabwereranso kukatenga pensulo, n'kuiika pamwamba pa mapepalawo. Kenako anachotsa chingwe cha Borys pa msomali.

"Galuyu akufuna mtsinje," anatero. "Titenga maola awiri."

Lucjan anakweza mapepalawo n'kuwayesa kulemera m'manja.

"Maola atatu, alamu. Mwaphamo anthu angati?"

"Awiri."

"Tiona ngati akhalitse m'manda."

Zenon anatuluka. Koma kumtsinje sanapite msanga. Anawoloka msewu n'kuima pa malo odikirira basi, moyang'anizana ndi zenera la khitchini yake, limene Halina ankalisiya lotsegula pang'ono kuti nthunzi ituluke. Anaona mitu iwiri itaweramira tebulo. Anamva mawu aakulu aja akuyamba, osamveka bwino zimene akunena. Basi inabwera, dalaivala anamudikira, kenako inapita.

Patapita mphindi zingapo kuseka kunaphulika, kwa Halina poyamba, kuseka kotaya mutu chagada kumene Zenon anali asanakumve kwa miyezi iwiri, kenako kwa Lucjan. Zenon anayang'ana wotchi n'kuwerengera m'mutu. Ayenera kuti anali pa tsamba lachisanu. Pa tsamba lachisanu panali nthabwala imene anavutika nayo masiku awiri, yabwino ndithu. Koma pa tsamba lomwelo panalinso wapolisi wina amene, akaganiza bwino, mwina anamupumitsa ntchito m'buku la nambala 16.

Anaima pomwepo akutchera khutu, mapazi akuzizira, kufunitsitsa kudziwa kuti akuseka chiti. Borys anakoka chingwe. Zenon anayang'ananso zenera lija kamodzi, kenako analola kuti galu amutsogolere.